Kapinga si nkhalango: tinjira ta m'phiri, mabwalo a gofu ndi madzi a Blantyre

Madzi ambiri omwe amatuluka m'mipopi ya mu Blantyre sachokera m'mapiri omwe azinga mzindawu. Amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tawuni, ndipo amachita kukankhidwa ndi makina kuti akwere mamita pafupifupi 800, n'kulandiridwa ndi makina ena pa Chileka asanafike m'matanki. N'chifukwa chake magetsi akavuta kumeneko, ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri anthu amalawirira ndi zigubu. Damu la Mudi, lomwe lili m'tsinde mwa phiri la Ndirande, limangowonjezerapo pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo zaka zaposachedwapa kwabweranso madzi a mu Likhubula wa ku Mulanje, omwe amayeretsedwa pa Nguludi. Mzinda womwe kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 800,000 umamwa madzi a kutali chonchi uli pakati pa mapiri.

Nkhani ya madziyi tsopano ikukumana ndi ina yomwe ikukula. Loweruka m'mawa masiku ano mupeza magulu a achinyamata, ena atavala malaya ofanana, akukwera Michiru, Soche kapena Ndirande, ndipo omwe ali ndi kangachepe m'thumba amalowera ku Mulanje ndi ku Zomba. Akatolika akhala akukwera Njira ya Mtanda ya pa Michiru kuchokera ku Chilomoni, a mipingo ina amachezera m'mapiri kupemphera, pomwe a Mountain Club of Malawi ali ndi ulendo wawo wa chaka ndi chaka wokwera Michiru, Ndirande ndi Soche tsiku limodzi. Kwinaku, pakangokambidwa zokopa alendo, zinthu zitatu zimatchulidwira limodzi: malo ogona, tinjira toyendamo ndi bwalo la gofu. Zimanenedwa ngati za mtundu umodzi, zobiriwira, zosasautsa chilengedwe. Koma kwa munthu woganizira za madzi, kanjira ndi bwalo la gofu n'zosiyana kutalitali, ndipo funso loyamba pa chilichonse mwa ziwirizi n'lakuti: chili kumtunda kapena kumunsi kwa pomwe anthu amatunga madzi?

Zomwe nkhalango imachita ndi mvula

Blantyre amalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 1,100 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Ndiye kuti hekitala iliyonse ya phiri imalandira malita okwana 11 miliyoni pachaka, koma m'miyezi yochepa yokha. Madzi ogwa si ochepa ayi. Chovuta ndi liwiro lomwe amathawira.

Pansi pa nkhalango yachilengedwe, ya miombo, misuku ndi mbawa za m'mitsinje, pamakhala masamba owola, tinthambi, udzu ndi mizu yolukanalukana. Dontho likagwa limayamba lagunda tsamba, mphamvu yake n'kutha, kenako limagwera pa zinyalala zofewa zija. Chiswe, nyongolotsi ndi mizu yomwe inafa kale zimasiya timabowo m'nthaka, ndipo madzi amatsikira m'menemo pang'onopang'ono mpaka kukakumana ndi thanthwe. Madzi amenewo ndiwo amatuluka pa kasupe mu Seputembala ndi Okutobala, mvula italeka kalekale. Phiri lopanda chofunda lili ngati denga la malata: mvula ikagwa madzi onse amatsika nthawi yomweyo, ikangokata pamauma gwa. Kusiyana kwake n'kwakuti phiri limatsitsa ndi dothi lomwe.

Pali mawu ena omwe samveka kawirikawiri pa miyambo yodzala mitengo. Mtengo nawo umamwa madzi, ndipo ina imamwa kwambiri. Bulugamu ndi paini zodzalidwa mothithikana m'mbali mwa mtsinje zikhoza kuchepetsa madzi oyenda m'chilimwe. Ku South Africa anaziwona izi kalekale, mpaka mu 1995 boma lawo linayambitsa ntchito ya Working for Water, yolemba anthu kuti azidula mitengo yachilendo yomwe inafalikira m'magwero a mitsinje. Choncho phindu lalikulu la nkhalango si kuchulukitsa madzi, koma kuwachedwetsa ndi kuwasefa. Tisainamizirenso mphamvu zomwe ilibe. Napolo wa ku Zomba mu 1946 ndi wa ku Phalombe mu 1991 anachitika mapiri asanapululuke ngati lero, kusonyeza kuti mvula ikapyola muyeso phiri limagumuka ndithu. China mwa zomwe zinachititsa kuti namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, aphe anthu ochuluka chomwechija ku Chilobwe ndi ku Manja, n'chakuti nyumba zinali zitakwera m'phiri la Soche, m'makwawa momwe madzi ndi miyala zimadutsa.

Akuluakulu omwe anakulira ku Ndirande amakumbukira phiri lawo lili bii ndi mitengo. Linali nkhalango yotetezedwa ndi boma, mbali ina paini wodzala. M'zaka za m'ma 1990, pomwe ndale zimasintha ndipo anthu anasiya kuopa alonda, mitengoyo inagwetsedwa m'zaka zowerengeka, anthu n'kuyamba kulima chimanga mpaka m'malo otsetsereka. Dothi lokokoloka kumbali yomwe imatsira mu Mudi linali ndi kopita kumodzi, m'damu. Damu likadzaza matope limasunga madzi ochepa, ndipo madzi ofiira amadya mankhwala ambiri kuti ayere. Ku Shire nkhani ndi yomweyo koma yokulirapo: matope ochokera m'minda ndi m'mapiri a kutali amadzaunjikana pa Walker's Ferry ndi pa Nkula, moti pamafunika makina okumba kuti madzi akumwa ndi opangira magetsi aziyenda. Ndalama zonsezo zimatipeza pa bilu.

Mbiri imeneyi ikutiwonetsa chomwe tiyenera kuyerekeza nacho. M'mayiko ena mkangano umakhala wakuti tiisiye nkhalango momwe ilili, kapena tilolemo zosangalatsa. Kuno nkhalango yosiyidwa yokha sikhala momwe ilili. Michiru, lomwe kwa zaka zambiri linali phiri la mu Blantyre lotsala ndi nkhalango yake, afisi ndi anyani ake, nalo zaka zaposachedwapa lalowedwa ndi nkhwangwa, ndipo aliyense wodutsa ku Chirimba kapena Chilomoni akudziwonera yekha.

Kanjira n'kakang'ono, koma kali ndi zake

Kanjira kotambalala mita imodzi, kotalika makilomita 10, kamadya hekitala imodzi yokha. Pa nkhalango ya mahekitala masauzande, amenewo ndi malo ochepa zedi. Koma kuwononga kwa kanjira sikuyezedwa ndi kukula kwake. Mapazi amatsendera dothi mpaka kulimba, timabowo tija n'kutsekeka, ndipo madzi omwe akanalowa pansi amayamba kuyenda pamwamba. Kanjira kakalunjika kumtunda, monga momwe ambirife timakwerera phiri pofuna kudula mtunda, kamasanduka ngalande. Chaka choyamba ndi kamzere chabe. Pakapita madzinja angapo mwendo ukulowa mpaka m'bondo, oyenda ayamba kulambalala m'mbali, ndipo pamenepo pabadwa kanjira kachiwiri, kenako kachitatu. Mukakwera Soche kapena Ndirande mu Febuluwale mvula itangokata, tayang'anani pansi: pomwe pamadutsa anthu ndi pomwe patsala miyala yokhayokha, mizu ya zitsamba ili pamtunda, ndipo pomwe chitunda chathera pali mchenga wofiira woundana, wongodikira mvula ina kuti upitirize ulendo.

Odziwa kukonza tinjira ali ndi malamulo ochepa, osafuna ndalama zambiri. Kanjira kaziyenda mopingasa phiri, kakukhotakhota, ndipo tikatengera njira yonse kasamakwere mamita oposa 10 pa mamita 100 alionse. Kazipendekera pang'ono kumunsi kuti madzi azingodutsa n'kulowa m'tchire, m'malo motsata njirayo. Pakapita mamita angapo pazikhala kamgula kapena mzere wa miyala wopatutsa madzi adakali ochepa. Mlimi aliyense amene anakonzapo akalozera m'munda wa pachitunda akuidziwa kale nzeru imeneyi, ndipo anthu otere ndiwo oyenera kulembedwa ntchitoyi, osati kontilakitala wobwera ndi giredala.

Powolokera mtsinje ndi pofunika maso kwambiri, chifukwa pamenepo dothi lililonse losunthika limagwera m'madzi mwachindunji. Miyala yopondapo kapena kamlatho ka matabwa, komanso kusiya katope, mikuyu, nsungwi ndi bango za m'mbali osazikhudza, zimathetsa gawo lalikulu la vutoli.

Ndiye pali nkhani yomwe magulu oyenda sakonda kuitchula. Anthu odzaza basi yonse akakwera phiri kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, amadzithandiza kuti? Kumayiko komwe kuyenda m'nkhalango kunakhazikika, woyenda amaphunzitsidwa kukumba kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, patali mamita 60 ndi madzi. Kwathu kuno malo obisika amakhala kumtsinje komweko, komwe kuli mthunzi ndi zitsamba. Dziko lomwe kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 silingaitenge nkhaniyi mwachibwana, makamaka poti m'tsinde mwa mapiri athu muli mabanja omwe amamwa m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mitsinje momwemo. Chimbudzi chabwino poyambira njira n'chofunika kuposa chipata chopaka penti ndi chikwangwani chachikulu.

Moto nawo ulipo, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ngakhale kunena zoona moto wambiri wa m'mapiri athu sayatsa ndi oyenda koma osaka mbewa ndi ososa minda. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'china. Njira yomwe wadutsa mlendo masana ndi yomwenso ingatsitse matabwa ndi matumba a makala usiku, makamaka ikakuzidwa kuti muzidutsa galimoto. Munthu akamati akufuna kutsegula njira ya alendo m'nkhalango, mufunseni kutambalala kwake. Ya mapazi ndi ya matayala si nkhani imodzi.

Ngakhale zili choncho, ine ndili kumbali ya tinjira. Nkhalango yomwe mumadutsa anthu tsiku ndi tsiku imakhala ndi maso. Uvuni wa makala sungafuke masiku angapo osawonedwa, ndipo chithunzi cha chitsa chatsopano chimafika pa WhatsApp ndi pa Facebook dzuwa lisanalowe. Ku Zomba, tinjira topita ku Chingwe's Hole ndi ku Williams Falls takhala tili m'phiri lomwelo lomwe muli damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzindawo, ndipo chomwe chasautsa phirilo si mapazi a alendo koma macheka ndi moto. Ku Mulanje, anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu a ku Likhubula amadya chifukwa phirilo lili ndi njira ndi tinyumba togonamo, ndipo mpikisano wa Porters Race unayambira pa iwowo. Koma Mulanje yemweyo akutichenjezanso. Njira zinalipo, alendo analipo, komabe mkungudza, mtengo wa fuko lathu, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Maso okha sakwanira ngati wowonayo alibe kokanena, kapena ngati wouzidwayo nayenso ali ndi gawo lake pa thabwa.

Bwalo la gofu

Gofu si mlendo mu Blantyre. Blantyre Sports Club inayamba mu 1896, ndipo bwalo lake la maenje 9 (omwe osewera amagwetseramo mpira) lili m'tawuni mwenimweni, kufupi ndi Mudi. Ku Limbe Country Club kuli lina, ku Game Haven ku Bvumbwe kulinso lina, ndipo m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje komanso ya nzimbe ku Nchalo muli mabwalo omwe anayamba ngati malo opumulirako mabwana a m'makampani. La ku Lilongwe ndi la maenje 18.

Tiwapatse ulemu wawo. M'tawuni, bwalo la gofu ndi amodzi mwa malo ochepa omwe sanadulidwe mapuloti. Mitengo ikuluikulu idakalipo, mbalame zimakhalamo, mvula ikagwa imapeza poti ilowe. Pakanapanda gofu bwenzi pamenepo pali mashopu ndi simenti. Anyamata a m'malokeshoni amapezapo ndalama ponyamula zikwama za ndodo, ndipo ena mwa ma caddie amenewa amadzakhala akatswiri a masewerowo.

Koma zabwinozi zimadalira pomwe bwalo lili. La m'tawuni lili kumunsi kwa damu la Mudi, choncho chochoka pamenepo sichibwerera m'damu, ngakhale tisaiwale kuti kumunsiko kulinso anthu othirira ndiwo zamasamba ndi madzi a Mudi yemweyo. Tengani bwalo lomwelo mukaliyike kumtunda, m'nkhalango yomwe imadyetsa damu, nkhani yasintha.

Bwalo la maenje 18 limafuna mahekitala 50 kapena 60, nthawi zina kuposa apo. Si malo onsewo omwe amadulidwa, koma modutsa mpira muyenera kuyera: mitengo izulidwe ndi zitsa zomwe, mathirakitala asalaze zitunda, akwirire zigwa. Nthawi yoopsa kwambiri pa moyo wonse wa bwalo ndi imeneyi, chaka chimodzi kapena ziwiri zomanga, dothi lili pambalambanda. Dzinja limodzi lokha likapeza mahekitala 30 ali ofukulidwa, matope otsika pamenepo akhoza kuposa omwe tinjira tonse ta m'phirimo tingatsitse pa zaka zambiri.

Kapinga akamera maso amakhutira, chifukwa pabiriwira. Koma mizu ya kapinga wometedwa pafupipafupi ndi yaifupi, pansi pake palibe masamba owola, ndipo makina ometera ndi mapazi amatsendera dothi tsiku ndi tsiku. N'zoona kuti amagwira dothi bwino kuposa munda wa chimanga wa pachitunda. Koma salowetsa madzi pansi momwe imachitira nkhalango.

Nkhani yeniyeni ili pozungulira dzenje, pomwe osewera amati pa green. Udzu wa pamenepo umametedwa kutsala mamilimita 3 kapena 4 okha. Kuti usawole ndi chinyezi, green wamakono amamangidwa pa mchenga wokuya masentimita 30, pansi pake miyala ing'onoing'ono, pansi pakenso mapaipi otulutsa madzi. Cholinga n'chakuti mvula ikangokata anthu apitirize kusewera. Koma mchenga sugwira feteleza. Udzu wofupika chonchi sukhalanso ndi mphamvu, umagwidwa chuku ndi tizilombo, moti umafuna kudyetsedwa ndi kupoperedwa mankhwala kawirikawiri. Zomwe udzu sunamwe zimatsika mumchenga, kulowa m'paipi, ndipo paipi iliyonse ili ndi pomwe imathera. Ikamathera m'kamtsinje kopita ku damu, feteleza uja amakadyetsa ndere. Madzi a ndere amanunkha, amatseka masefa a koyeretsera, ndipo mitundu ina ya ndere imatulutsa poizoni. Ubwino wake, ma green onse pamodzi sadya malo aakulu, hekitala imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndiye vutoli n'lotheka kulichepetsa. Paipi izithera m'dziwe lokumbidwa dala, lodzalidwa bango ndi gumbwa, ndipo m'mbali mwa mtsinje muzisiyidwa tchire losametedwa, lopanda feteleza. Koma izi zimachitika pokhapokha wina ataziika pa pulani poyamba pomwe ndi kumabwera kudzayendera.

Ndiye ludzu lake. Mu Okutobala, udzu wothiriridwa ukhoza kutaya mamilimita 5 a madzi patsiku, nthawi zina kuposa. Pa hekitala imodzi amenewo ndi malita 50,000, kapena kuti zigubu 2,500 za malita 20. Bwalo lomwe lasankha kuthirira mahekitala 20 kuti likhale lobiriwira chaka chonse likufuna malita 1 miliyoni tsiku lililonse, mwezi womwe mitsinje yaphwa ndipo pa kiyosiki pali mzere. Munthu mmodzi akamagwiritsa ntchito malita 50 patsiku, madzi amenewo ndi a anthu 20,000. Bwalo losafuna zambiri limangothirira ma green ndi poyambira kumenya mpira, kwinako n'kusiya kuti kufiire m'chilimwe, ndipo kale m'madera ouma a mu Africa muno ankamalizira mpira pa mchenga wothira oyilo m'malo mwa udzu. Koma bwalo lomangidwa kuti likope alendo olipira madola silingalole kufiira, poti chomwe likugulitsa ndi kubiriwirako. Kawirikawiri silibweranso lokha. Ndalama zenizeni zimakhala m'mapuloti ndi nyumba zozungulira, zomwe zimabwera ndi misewu yake, zimbudzi zake ndi mijigo yake, zonse kumtunda kwa madzi a anthu.

Ku Cape Town, komwe mu 2018 mipopi inatsala pang'ono kutsekedwa chifukwa cha chilala, mabwalo ambiri a gofu amathirira ndi madzi a m'zimbudzi oyeretsedwa. Nzeru imeneyo imatheka bwalo likakhala kufupi ndi koyeretsera zonyansa za mumzinda, komwe ndi kumunsi, osati pamwamba pa phiri.

Momwe ena anaikambira

Mzinda wa New York unakumana ndi funso lomweli. Pafupifupi 90 pa malita 100 alionse omwe mzindawo umamwa amachokera m'mapiri a Catskill ndi kumtunda kwa mtsinje wa Delaware, dera la kumudzi, la nkhalango, pa mtunda wa makilomita oposa 100, ndipo amafika m'mipopi osadutsa m'masefa, amangophedwa tizilombo. M'malo momanga malo osefera a madola mabiliyoni angapo, mu 1997 mzindawo unasainirana mgwirizano ndi boma komanso madera a kumapiriko: uzigula malo kwa okhawo ofuna kugulitsa, uzilipira kukonza zimbudzi ndi makola a alimi, ndipo eni dera asamangidwe manja pa chitukuko chawo. Malo ambiri omwe mzinda unagula anatsegulidwa kuti anthu aziyendamo, kuwedza ndi kusaka. Ngakhale bwato amalola m'madamu ena, bola likhale lopalasa ndi manja ndipo liyambe latsukidwa ndi nthunzi.

Gofu ndiye anavuta. Mu 1999 kampani ina inabwera ndi pulani yomanga mahotela ndi mabwalo awiri a gofu pafupi ndi phiri la Belleayre, m'kati mwenimweni mwa dera la madziwo. Mkangano unatenga zaka. Mu 2007 anagwirizana kuti mbali ya kum'mawa, yomwe imatsira madzi ku damu la Ashokan, isamangidwe, boma ligule malowo akhale nkhalango, bwalo litsale limodzi, ndipo lizisamalidwa popanda mankhwala a m'mafakitale. Ngakhale pamenepo milandu sinathe. Woyenda pansi anangopatsidwa malamulo ochepa, pomwe wa gofu anafunsidwa mafunso kwa zaka 8 asanamve yankho loyamba. Palinso omwe anasankha kutseka kotheratu: ku Portland, m'dziko lomwelo la America, nkhalango ya Bull Run yomwe imamwetsa mzindawo salola munthu wamba kulowamo.

Sitingakopere zonsezi. New York ali ndi ndalama zolipira alimi, pomwe ku Blantyre Water Board gawo lalikulu la ndalama limathera ku magetsi opopera madzi. Kutseka ngati ku Portland nakonso kumafuna anthu omwe ali ndi china chophikira osati nkhuni za m'nkhalangomo. Koma mfundo yakuti wakumwa madzi kumunsi azithandiza wosamala nkhalango kumtunda si yachilendo kuno. Pomwe ntchito yotenga madzi ku Likhubula imayamba, anthu a ku Mulanje anaimirira n'kufuna kudziwa amene abwezeretse mitengo m'phirimo, komanso chomwe iwo apindule madzi awo akamapita ku Blantyre.

Nanga mayi wa nkhuni?

Pali mbali ina yomwe mapulani okongola amailumpha. Phiri lomwe ife timakwera Loweruka titavala nsapato zodula ndi lomwe mayi wa ku Chilomoni kapena ku Chirimba amakatolako nkhuni Lachiwiri. Mabanja ambiri mumzinda uno amaphikira makala ndi nkhuni, ngakhale a m'nyumba za magetsi. Mukaika chipata n'kunena kuti wolipira alowe, wosenza mtolo athamangitsidwe, mwadzipangira adani mazanamazana ozungulira nkhalango yomwe alonda ake ndi owerengeka. Bwalo la gofu ndiye limachita kumanga mpanda weniweni, n'kutseka njira zachidule zopita ku chigayo, kumanda ndi kumtsinje. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango pa makala, limalola kuti boma ndi anthu ozungulira azisamalira nkhalango limodzi kudzera m'makomiti a m'midzi. Kanjira kayenera kulowera khomo limenelo. Operekeza alendo, okonza njira, olambula mizere yotchinga moto ndi ogulitsa chakudya poyambira njira akhale a pomwepo, ndipo ndalama za pachipata ziziwoneka komwe zapita.

Malamulo ena alipo kale. Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa momwe zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo okhudzidwawo afunsidwe maganizo. Lamulo la madzi la 2013 limati wopatutsa madzi ambiri mumtsinje kapena pansi pa nthaka akhale ndi chilolezo cha National Water Resources Authority. Pomwe zimakonda kusokonekera ndi pa msonkhano wofunsa maganizowo. Lipoti lili m'Chingerezi, masamba ake mazana, anthu akufunsa za ntchito ndi chipukuta misozi, zomwe n'zomveka, ndipo za madzi palibe wazitchula mpaka zoziziritsa kukhosi zatuluka.

Pa msonkhano wotero mafunso othandiza si ambiri. Madzi othirira mu Okutobala adzachokera pati, malita angati patsiku, ndipo chilala chikabwera adzayambe kutsekeredwa ndani? Mapaipi a pansi pa ma green akathera kuti? Kugumula kudzachitika miyezi iti, nanga mvula ikayamba ntchito isanathe dothi lidzagwidwa ndi chiyani? Kwa a tinjira, adzakonza ndani njira dzinja likatha, ndi ndalama ziti? Palinso funso lomwe omanga ambiri saliyembekezera: kodi madzi a mumtsinjewu mwawayeza kale musanakhudze chilichonse? Pafunika kutunga botolo kumtunda kwa malowo ndi lina kumunsi kwake, mu Febuluwale madzi ali ofiira ndi mu Okutobala ali ochepa, kwa chaka chathunthu thirakitala isanafike. Labotale zoyeza zoterezi zilipo mu Blantyre momwemuno, ku sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ndi ku Malawi Bureau of Standards. Popanda manambala oyambirirawo, tsiku lomwe chitsime cha kumunsi chidzaphwe kapena damu lidzamere ndere, mwini bwalo adzati zinali choncho kale, ndipo palibe amene adzathe kumutsutsa.